Mapoto a Mayi Ake a Patuma

Zainabu mwana wanga,

Salamu alaikumu. Ndakhala kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapeyala, chifukwa m'nyumbamo simukukhalika. Azakhali ako adzaza pabalaza, ena akusankha mpunga, ena akukangana za nsalu yoti uvale mawa, ndipo aliyense wabwera ndi malangizo ake. Iwo akuuza za mwamuna. Ine ndikulembera za khitchini. Ndikanatha kukuitana n'kukuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangoyamba umati, "Ehe Mhamha, ndazvinzwa," eya amayi ndamva, maso ali pakhomo, mwendo umodzi uli kale panja. Pepala sungaliyankhe m'Chishona. Uwerenge modekha, Chichewa chako chimatsimphina koma chimafika.

Nkhani yake ndi ya tsiku lija tinapita kudera la St Mary's kukaona nyumba ya amuna ako, a Yusufu, kuseri kwa mashopu a Huruyadzo. Khitchini ija ndinaiona ndi maso anga, sindikutsutsa kuti ndi yaing'ono. Ukaima pachitofu, mnzako sangadutse kumbuyo kwako osapepesa. Kabati ndi imodzi, tebulo ndi limodzi, ndipo m'kabatimo muli kale ziwiya za malemu mkazi wa a Yusufu. Abale ake atabwera kusadaka anagawana zovala ndi zina, koma mapoto, mbale ndi makapu anasiya, amvekere, izi n'za mwana, adzaphikiramo akakula. Mwanayo ndi Patuma, amene kuyambira mawa azidya za m'manja mwako.

Unatsegula kabati ija, n'kuyang'ana m'mwamba ndi m'munsi, kenako unati, "Mhamha, hapana nzvimbo. Zvese izvi ngazvibude." Palibe malo, zonsezi zituluke. Unanenanso kuti udzaziika m'thumba n'kuziponya padenga, kapena kuwapatsa amayi ogulitsa zakale pamsika paja. Sunanene mwankhanza ayi. Unkangoganiza za mapoto ako onyezimira amene mlongo wako Saidi wakutumizira kuchokera ku Joni, ndi mbale zimene amayi a kumzikiti akusonkhera. Koma unali utafulatira chitseko, ndiye sunaone zimene ndinaona ine. Patuma anali ataima pamenepo, chala chili m'kamwa. Analowa mwakachetechete, n'kutenga kapoto kaja kothyoka chogwirira chimodzi, n'kukakumbatira pachifuwa. "Ipoto yamai vangu," ndi poto wa amayi anga, anatero, osakuyang'ana n'komwe. Iwe unaseka, n'kumusisita kumutu, nkhani n'kupita kwina. Ine kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi.

Ndiye tamvera, Zainabu. Malo alipo. Ine ndakalambira m'makhitchini ang'onoang'ono, ndipo zonse zimene ndikudziwa ndinaziphunzira nditawononga kanthu. Ndikuuza zimene ndinawononga kuti iwe usavutike kuwononga zako, ndiponso kuti uone kuti mapoto ako ndi mapoto a mayi ake a Patuma angathe kukhala m'chipinda chimodzi osamenyana.

Titangobwera kuno ku Unit D ine ndinkaganiza kuti khitchini ndi pansi. Ufa pansi, nyemba pansi, mapoto pansi, makatoni mbwee mpaka pakhomo, ine n'kumadandaula kwa bambo ako kuti anandipezera nyumba ya nkhunda. Tsiku lina mapaipi a suweji anaphulika kumsewu kwathu kuno, monga mmene akuphulikira masiku ano, zonyansa zija n'kulowera pansi pa chitseko ine ndili kumaliro. Pobwera ndinapeza thumba la ufa litanyowa mpaka pakati. Ndinakhala pakhonde n'kulira ngati maliro aja anditsatira. Bambo ako anapita kukatola matabwa a mabokosi a tomato, anagula misomali, n'kundifunsa, "Abiti Mussa, kodi khoma lonseli mukulisungira alendo?" Ndinayang'ana m'mwamba, ndipo kanali koyamba kuona kuti khitchini yanga inali yopanda kanthu kuyambira m'chiuno kukafika kudenga. Ku St Mary's kuja n'chimodzimodzi. Pamwamba pa chitseko pali malo a shelefu yathunthu, pamwamba pa zenera palinso ena, ndipo khoma la kumanzere kwa chitofu lilibe ngakhale msomali umodzi. Uwapemphe amuna ako akukhomere matabwa ukwati ukadali wotentha, pamene sangakukanize kanthu. Chodyedwa chilichonse chikwere m'mwamba. Pansi ndi pa mapazi ndi ndowa basi.

Za ndowa ndinenepo, poti madzi a m'mipopi tinaiwala kale kuti amamveka bwanji. Ndowa zimadya malo kuposa china chilichonse, koma sungazichotse. Zilowe kunsi kwa tebulo, iliyonse ndi chivundikiro chake. Yamadzi akumwa uiike padera, pa kampando, ndi kapu yake yotungira yopachika pamsomali, yosamwera munthu aliyense. Ukudziwa mmene kolera wathera anthu m'mizere ya nyumba zathu zino. M'nyumba yokhala ndi mwana wamng'ono usachite nazo ulesi zimenezi, ngakhale utatopa bwanji pochoka kumjigo.

Mapoto ambiri safuna kabati. Wokhala ndi chogwirira amapachikika pamsomali. Zivundikiro ndizo zimasokoneza, zimagwa, zimasokosera, zimatenga shelefu yonse. Umange waya kuseri kwa chitseko, kuchokera mbali ina kufika mbali ina, uzizilowetsa mmenemo choimirira. Mapoto otsalawo alowane, wamng'ono m'mimba mwa wamkulu. Ndinawayeza ndi maso mapoto a malemu aja. Onse angalowe mwa wamkulu uja wakuda, n'kutenga malo a poto mmodzi. Malo amene ukulimbirana ndi mwana wamasiye ndi amenewo, Zainabu, osakwana ngakhale mkono wako kuchokera pachigongono.

Za shuga wa mu uvuni ukuzikumbukira, poti unaseka mpaka kugwa pansi. Magetsi atayamba kusowa masiku ambirimbiri, ine ndinati uvuni uwu ukungokhala, ukhale kabati. Ndinali nditaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kuti ndipeze shuga uja, ndiye sindinafune kuti inu ana muzinyambita, kapena kuti mlendo aone n'kupempha. Ndinamulowetsa mu uvuni ndi pepala lake lapulasitiki, n'kutseka, osauza munthu. Sindinadziwe kuti mng'ono wako anapotokola kabatani posewera. Ndili kumjigo ndinangomva ana akukuwa mumsewu, "Magetsi adzoka! Magetsi adzoka!" Magetsi abwera. Ndinasangalala nawo, osafulumira n'komwe. Pofika kunyumba utsi uli tolotolo pazenera, shuga yense wasanduka phula lakuda. Bambo ako anaima pakhomo atagwira mphuno, amvekere, "Abiti Mussa, maswiti amenewa mwaphikira mzere wonse?" Tinamwa tiyi wopanda shuga mpaka tinazolowera. Mu uvuni uziikamo mapani ndi mathireyi opanda kanthu, osati chakudya. Koma chimene chinandiwawa si utsi. Mukanadziwa kuti muli shuga, wina akanathamanga kukamuchotsa magetsi atangoyaka, poti nonse munali panja pomwepo. Ine ndinkati ndikusunga, chikhalirecho ndinkabisa. Chosungidwa chimadziwika ndi a m'nyumba pamene chili. Chobisidwa chimadziwika ndi munthu mmodzi, ndipo chikamawonongeka palibe wochipulumutsa.

Zaka zimenezi zatiphunzitsa tonse kubisa. Mashopu ali mbee, mashelefu okhaokha, ndiye munthu ukapeza botolo la mafuta umayamba wayang'ana uku ndi uku usanalowe nalo m'nyumba. Iwe wakulira m'zimenezi ndipo sindikukuimba mlandu. Koma kumene ukupitako usakhale ndi malo amene Patuma sakuwadziwa. Umuonetse: apa pali shuga, ndi wa tiyi wam'mawa, tikamaliza msanga tonse timwa wopanda. Mwana wouzidwa amasamala kuposa mwana wobisiridwa. Ndipo mapoto a mayi ake ukawaponya padenga m'thumba, usadzinamize kuti wamusungira. Wawabisa, ndipo iye aziliona thumbalo tsiku lililonse popita kusukulu, likupsa ndi dzuwa, likuvumbwa ndi mvula, mpaka dzimbiri lidzatulukire kunja.

Ndinalakwanso ndi sopo. Saidi atatitumizira katundu koyamba, munali mitanda ya sopo wobiriwira ndi thumba la ufa. Ine pofuna kusunga malo, ndiponso poopa makoswe, ndinaika zonse mumgolo umodzi n'kutseka bwinobwino. Unali mwezi wa Ramadani. Tsiku limene ndinatsegula kuti ndiphike phala lofuturira, fungo linandilandira ndi la pochapira. Ndinasefa, ndinayanika padzuwa, koma ayi ndithu. Kutaya sitikanataya, tikanadya chiyani? Tinadya phala la sopo mpaka thumba linatha, bambo ako akuti chaka chimenecho tinayera kunja ndi m'kati momwe. Ndiye ukumbukire, sopo, parafini, makandulo ndi mankhwala a mphemvu zikhale pazokha, m'munsi, pafupi ndi khomo. Ufa, mpunga, shuga ndi masamba a tiyi zimakoka fungo la chilichonse chimene zagona nacho. Pali zinthu zimene sizigonera limodzi ngakhale malo atachepa bwanji. Koma poto alibe fungo loti angapatsire poto mnzake. Wa malemu akakhala pambali pa wako, wako sadzachita dzimbiri chifukwa cha zimenezo.

Ndikudziwa zimene anakuuza mayi uja woyandikana ndi a Yusufu, poti ananena ine ndili pomwepo. "Poto dzemufi hadzibikirwi, munounza ngozi mumba." Akuti mapoto a womwalira saphikiramo, mudzaitana mzimu wobwezera m'nyumba. Anthu a kuno ali ndi mwambo wawo ndipo ine sindiunyoza, takhala nawo bwino zaka zonsezi. Koma ngakhale pa mwambo wawowo, mlandu umakhalapo ngati abale a mkazi amanidwa ziwiya zake. Apa abale anabwera, anaona, n'kupereka okha kwa mwana. Mwini wake wa mapoto aja ali moyo, amavala yunifolomu, ndipo mano ake akutsogolo angoguluka kumene. Malemu ali m'manja mwa Mulungu, ife chathu n'kuwapempherera. Usatenge mantha a eni ake n'kuwasandutsa chifukwa chochitira zimene mtima wako ukufuna kale.

Pakuti mtima wako ndikuudziwa, ndinakubala ndine. Si malo okha amene akukuvuta. Ukufuna kulowa m'nyumba imene ili yako, osati kukhala mlendo m'khitchini ya mkazi wina. Ukuopa kuti a Yusufu akaona kapu ija yamaluwa azikumbuka dzanja limene linkawapatsira tiyi. Zimenezo si nsanje yoipa, mwana wanga, mkazi aliyense angamve choncho, ndipo ndikukumvera chisoni kuti ukwati wako woyamba ukuyambira pamene wina anasiyira. Koma unawasankha wekha a Yusufu, ukudziwa kuti ali ndi mwana, ndipo ife tinavomera chifukwa ndi munthu wofatsa. Adzakumbuka ndithu, kaya kapu ilipo kaya palibe. Munthu woiwala msanga mkazi amene anamuika m'manda, iwenso ungamukhulupirire bwanji? Khitchini idzakhala yako chifukwa cha kuphikamo, osati chifukwa cha zimene watulutsamo.

Kulakwa kwina ndinakuchita ndi nyemba. Ndinazipeza movutikira kwa amayi ena ochokera kumudzi, ndinazithira m'chitini, n'kuziika pamwamba penipeni kuseri kwa zinthu zina, ndikuti izi n'za tsiku loipa. Masiku oipa anabwera ambiri, ine osakumbuka. Tsiku limene ndinakwera pampando kufuna china, ndinapeza anankafumbwe atamaliza ntchito yawo, m'chitini muli fumbi ndi makoko. Kuyambira pamenepo ndimasunga m'mabotolo oonekera, aja a chiponde ndi a mayonezi, kuti diso lizindikumbutsa. Chatsopano chimapita kumbuyo, chakale chimabwera kutsogolo. Chimene umagwira tsiku ndi tsiku, mchere, mafuta, mthiko, mpeni, chikhale pofika dzanja usanasunthe phazi. Pamwamba penipeni ndi pa zinthu za pa Idi ndi za alendo. Chinthu chimene sichigwiridwa chimafa, Zainabu, ngakhale chitakhala chachitsulo. Ndiye mapoto a malemu usangowakonzera malo n'kuwasiya ngati maluwa a pabalaza. Uziphikiramo. Phala la Patuma lizipsa m'kapoto kake kothyoka kaja, ndipo akamakula umuphunzitsire momwemo kukazinga tomato.

Mapoto ako a ku Joni ndi okongola, sindikukana, ndinadziyang'anirapo nkhope ngati pagalasi. Koma tanena zoona, wamkulu uja uphikamo chiyani chaka chino? Ndi poto wa nkhuku zingapo, pamene ife ngakhale dzira tikulionera kumaloto. M'nyumba ya anthu atatu, aakulu awiri aja ndi katundu chabe. Uwasiye kuno, ndikusungira pamwamba pa wadiropu, udzawatenga pa Idi kapena tsiku lometa mwana wako woyamba, Mulungu akalola. Ukatero kabati ija ikwana, mpaka malo atsala. Ngati pali zoti zituluke m'khitchini muja, ziyambe zako, chifukwa iwe uli ndi kwa mayi ako kozisiya. Patuma alibe.

Shelefu yam'munsi ya kabati ikhale yake. Kapu yake, mbale yake, supuni yake, pamene angafike yekha osakwera pampando ndiponso osapempha. Mwana wopempha kapu yomwera madzi m'nyumba ya bambo ake amayamba kudziona ngati wobwera. Azakhali ako m'nyumbamu akungonena kuti Zainabu akukasunga mwana wamasiye, akukasunga mwana wamasiye. Mawu ake ndi omwewo amene timanena pa ufa ndi nyemba, ndipo ine ndaona kuti ntchito yakenso siisiyana kwenikweni. Amene amatha kusunga amadziwa pamene chinthu chili, amachiyang'ana kawirikawiri, sachiika pansi pomwe chinganyowe, ndipo sachikankhira kumbuyo chifukwa chatsopano chabwera. Mawa ndi mawa udzakhala ndi ana ako obala wekha. Tsiku limenelo udzawerengenso mzere umenewu.

Ukafika, usayambe ndi kukonza. Masiku oyamba uphike ndi zimene wazipeza, mmene wazipezera. Kenako tsiku lina Patuma akaweruka, umuitane, mutulutse zonse limodzi, mutsuke limodzi, ndipo uzimufunsa, ichi mayi ako ankaphikiramo chiyani, ichi tiike pati? Akayankha m'Chishona, muyankhe m'Chishona, si tsiku lophunzitsana chilankhulo. Akalira, umusiye alire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndikuuze chimene ndakhalira pansi kulemba zonsezi, pakuti za misomali ndi mabotolo ukanaziphunzira wekha. Agogo ako a ku Mufakose, amene anamwalira iwe uli kusekondale, sanali mayi anga ondibala. Zimenezo unazimvapo. Chimene sunamve ndi ichi. Mayi anga anamwalira ine ndili wamsinkhu wa Patuma, tikukhala kukomboni ya mgodi kumene bambo anga ankagwira ntchito. Khitchini yathu inali kachisakasa ka malata, kochepa kuposa ya ku St Mary's. Mayi anasiya ziwiya zochepa, ndipo pakati pake panali beseni lachitsulo loyera, la maluwa ofiira m'mbali, limene anabwera nalo kuchokera kwawo ku Malawi. Ankakandiramo mandasi, ndipo akamaliza ankandipatsa kuti ndikombe zotsalira ndi chala. Bambo atakwatiranso, mkazi watsopanoyo anabwera ndi ziwiya zake. Tsiku lina ndikuchokera kumadarasa ndinapeza m'khitchini mwayera, makapu atsopano ali ndandanda. Anandilandira akumwetulira, amvekere, "Hawa, taona mmene mwakongolera." Ndinafunsa za beseni. "Lija lobooka pansi? Limangodya malo, ndawapatsa a kuseriku."

A kuseriwo ankaweta abakha. Beseni la mayi anga analimata phula pobooka paja, n'kuliika pabwalo kuti abakha azimweramo. Njira ya kumpopi inkadutsa pomwepo. M'mawa uliwonse ndinkadutsa ndi ndowa pamutu, n'kuona abakha akupondaponda m'beseni muja, matope atakwirira maluwa ofiira aja. Sindinauze munthu. Ndikanati chiyani, poti linali beseni chabe, lobookanso?

Mayi amene uja sanandimenyepo, Zainabu. Sanandimanepo chakudya. Anandisokera yunifolomu pamanja, anandisamalira nditadwala chikuku, ndipo pa ukwati wanga anavina kuposa aliyense. Anali munthu wabwino amene ankangofuna malo m'khitchini yaing'ono. Koma ine pakamwa panga panakana kuwaitana kuti Amayi. Ndinkayesa, koma ayi. Ndinkati Abiti Jafali, nditakula ndinkati agogo a ana, mpaka imvi zinamera tonse awiri. Akudwala matenda awo omaliza ndinapita kukawasambitsa. Ndikuwapukuta kumsana anandigwira dzanja, n'kunena motsitsa, "Hawa, ndinakulera ndi mtima wanga wonse. Kodi ndinakulakwira chiyani?" Za beseni anali ataiwala kalekale, mwina sanaziganizepo n'kamodzi komwe. Ine ndinatsegula pakamwa, n'kuona kuti mayi wa ana akuluakulu sanganene kwa munthu amene akufa kuti ndi beseni la abakha. Ndinangoti, "Palibe, Abiti Jafali." Anatembenukira kukhoma.

Ndimawalira mpaka lero, ndipo ndimadzilira ndekha, chifukwa tonse awiri tinamanidwa chinthu chimene chinali pafupi. Iwe ndiwe mwana wabwino, ndipo ndikudziwa kuti Patuma udzamudyetsa, udzamuveka, udzamugonera m'chipatala akadwala. Abiti Jafali anachita zonsezo. Sindikufuna kuti tsiku lina, utakalamba, udzamugwire dzanja mwana amene uja n'kumufunsa funso limene anandifunsa ine, iye n'kukuyankha kuti palibe.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere pakhomo pako patsopano.

Ndine mayi ako,
Abiti Mussa